Kukwera Lesotho: Sani Pass kapena kuzungulira ku Butha-Buthe?

Abale amene muli ku South Africa kuno ndipo mukufuna kukafika ku Mokhotlong kumapiri a Lesotho, njira zilipo ziwiri ndipo sizifanana ngakhale pang'ono, yosankha imadalira galimoto yanu komanso mwezi umene mukunyamuka.

Sani Pass, nsewu wokwera phiri kuchoka ku South Africa kulowa ku Lesotho, ndi imene aliyense amaifuna chifukwa cha zithunzi. Mumadzera ku Underberg ndi Himeville ku KwaZulu-Natal, kumunsi kuli tara bwinobwino mpaka pa boda ya South Africa, koma mukangodinditsa pasipoti basi tara yathera pompo. Kuchoka apo ndi miyala ndi dothi makilomita pafupifupi 8, kukwera mpaka mamita oposa 2,800 pomwe pali boda ya Lesotho, ndipo chakumapeto makhona ake ndi opindika zedi moti galimoto imaima ngati ikufuna kugwa chagada, dalaivala ali pa giya yoyamba, kumbaliku kuli phompho lopanda chotchinga. Nchifukwa chake pa boda yakumunsi amafuna 4x4 (galimoto yokoka ndi matayala onse anayi) pokwera, ka Polo kanu musakavutitse. Boda imatsekanso 6 koloko madzulo ndiye osanyamuka mochedwa.

Nyengo ndiye nkhani yaikulu. Juni mpaka Ogasiti kumagwa sinowu, koma choopsa kwenikweni ndi ayezi pa makhona amene dzuwa silifikapo, madzi otsika m'phiri amaundana usiku ndipo ngakhale masana sasungunuka, matayala amangotsetsereka mabuleki osathandiza kanthu. Nthawi zina amatseka nsewu wonse. Novembala mpaka Malichi nako kuli zake, mvula ya mabingu imakokolola nsewu, matope, ndi nkhungu yoti galimoto yakutsogolo osaiona. Ine miyezi imene ndimaikhulupirira ndi Epulo, Meyi, Seputembala ndi Okutobala.

Njira inayo ndi yodzera ku Free State, Fouriesburg, boda ya Caledonspoort, Butha-Buthe kenako nsewu wa A1. Tara yokhayokha, galimoto wamba imafika. Kwa ochokera ku Johannesburg iyi ndiye yanzeru, palibe chifukwa chotsikira ku KwaZulu-Natal. Koma musanyengeke ndi tarayo, mumakwera Moteng Pass, kudutsa Oxbow ndi Afriski komwe anthu amaseweretsa sinowu, kenako Tlaeeng Pass yomwe yapitirira mamita 3,200, kutalika kuposa Sani yeniyeniyo, ndiye m'nyengo yozizira nayo imatsekeka ndithu. Potsika Moteng gwiritsani giya, mukamangoponda mabuleki amatentha. Mafuta thirani ful ku Butha-Buthe.

Ndiye ine ndikuona chonchi, ngati cholinga ndi kukafika, kaya ndi ntchito kaya muli ndi ana m'galimoto, dzerani ku Butha-Buthe. Ngati mtima uli pa Sani yeniyeniyo, siyani galimoto ku Underberg mulipire makampani a ma 4x4 amene amakwera tsiku ndi tsiku, madalaivala awo amadziwa khona lililonse komanso amadziwa tsiku loti lero ayi sitikwera. Ndalama yake imawawa koma siyingafanane ndi yokokera galimoto kuchoka m'phiri muja.

Njira zonse ziwiri ndi boda yeniyeni, pasipoti ikhale m'manja ndipo onani kaye masiku amene anakupatsani ku South Africa ngati sanathe, chifukwa potuluka amayang'ana. Ma rand amagwira ntchito ku Lesotho, osavutika kusintha. Jekete yokhuthala tengani ngakhale mu Disembala.