Musanalote mfuti ya ku America, imvani kaye izi

Anyamata ambiri mukundilembera kuti mukangotera kuno mugula mfuti, ati ku America n'zololedwa. Mwaonera mafilimu ambiri, abale anga.

Inde, kuno ku Indiana kuyambira pa 1 July 2022 munthu amayenda ndi pistol popanda chiphaso, ndipo Texas idayamba mu 2021. Magulu omenyera ufulu wa mfuti monga NRA adaimba nthungululu. Koma ufulu akunenawo si wa iwe wa viza. Lamulo la boma lalikulu, la America yonse, limaletsa wa viza ya sukulu kapena yodzacheza kukhala ndi mfuti ngakhale chipolopolo, pokhapokha ali ndi chiphaso chosakira nyama. Amene mapepala ake adatha, kampata kameneko alibe. Chilango chimafika zaka 15, ukatuluka akukukweza ndege. Hamid Rehaif, wa ku United Arab Emirates, adachotsedwa sukulu ku Florida n'kupitiriza kukhala, kenako adapita kumalo ophunzirira kuombera. Adamugamula miyezi 18, mlandu mpaka udakafika ku Supreme Court mu 2019.

Ine adandidyera mkulu wina wophunzitsa kuombera. Pachikwangwani adalemba $120. Tsiku lolembetsa, mwadzidzidzi $45 ya malo, $60 ya zipolopolo, ndi $90 yolowera gulu loti lidzandipezera loya zikavuta. $315 yonseyo, osandifunsa za mapepala ngakhale kamodzi! Pamunsi pa fomu ya gululo, m'tizilembo tofunika magalasi, padalembedwa kuti sathandiza amene lamulo silimulola kukhala ndi mfuti. Ndiye ndalama yanga amalandiriranji? Nditafunsa zondibwezera, foni idasiya kuyankhidwa.

Adandipulumutsa ndi bambo wina wachikulire wogulitsa mfuti, tsiku loombera lisanafike. Adatulutsa fomu 4473, yomwe wogula mfuti m'shopu amasaina, n'kuika chala pafunso la viza, nati ndisasaine, ndisagwirenso mfuti ya aliyense, ngakhale yobwereka. Adataya kasitomala, koma adandiperekeza mpaka pakhomo.

Ndi iyeyo adandiuza chomwe ambiri sadziwa, kuti state iliyonse ili ndi mndandanda wake wa zomwe imaziwerenga ngati mfuti, ndipo mkangano wa magulu omenyera ufulu wa mfuti aja ndi aphungu umagona pomwepo. Lamulo la 1968 la boma lalikulu siliwerengera mfuti zopangidwa mu 1898 kapena kale kuposa apo, ngakhale zothira wonga kukamwa, zija kwathu timati gogodera. Ya mpweya yoombera mbalame nayonso ayi, ndipo ku Indiana mungoitola m'shopu. Koma iponyeni m'buti mupite kuukwati ku New Jersey, mwanyamula mfuti yeniyeni pamaso pa lamulo lawo, ndipo wapolisi sadzamva zoti mudagula ngati chidole. Tizigawo ta mfuti tolumikiza wekha kunyumba natonso amakokanirana: ATF, nthambi ya boma yoona za mfuti, idatiika m'gulu la mfuti mu 2022, omenyera ufulu adakasuma, Supreme Court idagwirizana ndi boma mu March 2025.

Nanunso a green card musadzitame. Mutha kugula, eya, koma kupezeka olakwa pamlandu wa mfuti n'chifukwa chokwanira chokubwezerani kumudzi. Nzika ya kuno ikalakwitsa imalipira loya n'kubwerera kunyumba kwake, pomwe inu ndi ana anu mudzaonana pa WhatsApp. Wina akakuuzani kuti "kuno aliyense amanyamula", muonetseni viza yanu musanatulutse dola.