Ku Mfuwe, ku Senga Bay kapena pamunda pa mnzathu: a zaka 50 tikakumane kuti?

Gulu lathu la pa WhatsApp lili ndi anthu 31, tonse tinamaliza Giredi 12 chaka chimodzi pasukulu ina konkuno ku Chipata, ku Zambia. Ambiri tadutsa zaka 45, ena 50 inawakwana kale ngakhale amakana. Kwa nthawi yaitali tinkangoonana pamaliro. Tsiku lina tikuchokera kumanda, mnzathu wina anafunsa kuti, "Amwene, kodi mpaka wina atsikire kulichete kuti tionane?" Palibe anayankha, koma mwezi wotsatira tinayamba kusonkha kandalama ngati chilimba, kuti kamodzi pachaka tizikumana popanda bokosi pakati pathu.

Pofika pano tapitako ku Mfuwe kawiri, kunyanja ku Senga Bay ku Malawi kamodzi, ndipo kawiri tinangokhala konkuno pamunda pa mnzathu. Magulu ena a anzathu akale akhala akundifunsa kuti kwabwino n'kuti. Ndinena mmene ndaonera ine, podziwa kuti msungichuma wathu akawerenga adzatsutsa.

Ndiyambe ndi Mfuwe, chifukwa ndiko kumatichititsa manyazi. Kuchoka ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 130, msewu wa tala, ndipo ukanyamuka utamwa tiyi nkhomaliro umakadyera m'mbali mwa Luangwa. Azungu amakwera ndege kuchokera ku London kudzaona paki ya South Luangwa, koma pa anthu 14 amene tinapita ulendo woyamba, 9 anali asanapondemo chibadwire. Ena ndi oti anakulira pa Kapata pomwepa. Pakiyi ndi yaikulu masikweya kilomita oposa 9,000, inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo nyamalikiti za mtundu wa Thornicroft sungazipeze kwina kulikonse padziko kupatula m'chigwa chimenechi. Maulendo oyenda pansi m'thengo kukaona nyama, amene Norman Carr anawatchukitsa, kwawo n'komweku. Ife sitinayese zimenezo, maondo anakana.

Ubwino wa Mfuwe ndi wakuti sutuluka m'dziko. Pasipoti siifunika, ndalama ndi kwacha yathu yomweyi, mobile money imagwira. Mungonyamula NRC, chitupa chija cha unzika, chifukwa pageti nzika imalipira zochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja. Pa malo ogona m'pofunika maso. Malo apamwamba mitengo yake amawerengera m'madola, ndipo mukangoyang'ana pa intaneti mudzathawa. Imbani foni, nenani kuti ndinu a konkuno, funsani mtengo wa nzika. Kunja kwa paki, m'mbali mwa mtsinje, kuli makampu amene amalola kuphika nokha, ndipo ife ndiwo timasankha. Chifukwa chake ndi chakudya. Ulendo woyamba tinadalira khitchini ya pamalopo, ndipo chimene chinabwera chinali chokongola ngati chojambula: kanyama kamodzi, timbatata titatu, tsamba pamwamba. Mkulu wina anachiyang'ana nthawi yaitali kenako n'kufunsa mnyamata woperekera kuti, "Mwana wanga, ndiwozi taziona, nanga nsima ikubwera nthawi yanji?" Ulendo wachiwiri tinanyamula ufa, nkhuku zakumudzi ndi mbaula ziwiri. Mukatero musamale apusi ndi anyani. Sachita manyazi, buledi amalanda uli m'manja.

Koma vuto lenileni la Mfuwe kwa gulu ngati lathu si chakudya. Kuona nyama kumafuna kukhala chete, pamene ife tinapitira kukacheza. Galimoto yoonera nyama imanyamuka cha m'ma 6 koloko m'mawa, ndiye kuti 5 koloko muli maso, anthu oti munagona 1 koloko mukukumbutsana za aphunzitsi a masamu. Yamadzulo imatuluka cha m'ma 4 koloko n'kubwerera kutada, akuunika ndi tochi yaikulu, ndipo imeneyo ndiyo yoonera anyalugwe. Tinamupezadi mmodzi atagona panthambi, mchira uli lende. Wotiyendetsa anazimitsa injini n'kunong'ona kuti tonse zii. Nthawi yomweyo mayi wina kumbuyo anali atafika pachimake pa nkhani ya mmene anagwidwira akudumpha mpanda wa sukulu, ndipo phwete linaphulika galimoto yonse. Nyalugwe anatsika n'kulowa m'tchire. Azungu a m'galimoto ina anatiyang'ana ngati taba mbuzi.

Usiku nawo uli ndi malamulo ake. Mvuu zimatuluka m'madzi kudzadya udzu pakati pa tinyumba, njovu zimadutsa momwemo, ndipo suloledwa kuyenda wekha popanda mlonda. Kwa abambo a msinkhu wathu, amene timadzuka kawiri kapena katatu usiku, funsiranitu ngati chimbudzi chili m'kati mwa chipinda. Musaseke, mudzandikumbuka. Ndipo musalole munthu akunyengeni kuti mupite pa tchuthi cha ufulu cha 24 Okutobala. N'zoona kuti nyama zimaoneka zambiri nthawi imeneyo chifukwa zonse zimasonkhana kumtsinje, koma m'chigwa kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, ndipo m'gulu lililonse la zaka zathu muli a BP ndi a shuga. Juni ndi Julayi ndiyo miyezi ya achikulire.

Tsopano kunyanja. Ndivomere poyera kuti pa zakudya, Senga Bay inapambana zonse. M'mamawa asodzi akukocheza, tinkatsikira kumchenga n'kugula chambo chikadali chonyezimira, kampango wamkulu ngati ntchafu ya munthu, ndi usipa wodzaza beseni. Chambo chowotcha pamakala, mchere ndi ndimu basi, nsima yotentha pambali, mapazi ali mumchenga. Pochezanso ndiye panalibe wotiletsa. Palibe belu, palibe wokudzutsa, palibe wonena kuti khalani chete. Munthu umakhala pampando umodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, anzako akusinthana pambali pako. Ndi kumeneko kumene mnzathu wina, amene pa WhatsApp amangotumiza nthabwala, anatiuza kuti banja lake linatha zaka ziwiri zapitazo. Ku Mfuwe sakanapeza mpata woti anene.

Koma walira mvula walira matope. Pa mapu ulendowu umaoneka wapafupi: pamalire pa Mwami ndi theka la ola kuchoka m'tauni, Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 140, kuchoka apo kukafika ku Salima ndi ena pafupifupi 100, kenako kamtunda kochepa kutsikira ku Senga Bay. Chipata cha pamalire cha Mwami ndi Mchinji anachiphatikiza kukhala malo amodzi mu Disembala 2022, ndipo zinthu zinapepukadi kusiyana ndi kale. Viza sitifunika. Komabe anthu 5 anagwa m'ndandanda sabata yomaliza atatulutsa mapasipoti m'masutikesi n'kupeza kuti anatha kalekale. Galimoto nayo imafuna zake: mapepala ake enieni, inshuwaransi ya COMESA ija ya Yellow Card, ndi chilolezo choilowetsa m'dziko la eni kwa masiku ochepa. Ngati galimotoyo si ya dzina lanu, konzekeranitu kalata ya mwiniwake. Ife tinataya maola awiri pamenepo chifukwa minibasi inali yobwereka. Mafuta thirani thanki yodzaza musanachoke ku Chipata, poti ku Malawi zaka zapitazi akhala akusowa nthawi ndi nthawi, ndipo mizere yake si yoti munthu wa tchuthi cha masiku atatu aimepo. Za anyamata osintha ndalama panja ndingoti werengani kawiri, muli chiimire pomwepo. Msungichuma wathu anawerenga kamodzi, ndipo mpaka lero sitinasiye kumukumbutsa.

Pali zinanso ziwiri. Miyezi yozizira ija imene ili yabwino ku Mfuwe ndiyo nthawi ya mwera kunyanja, mphepo imene imautsa mafunde ndi kukuthirani mchenga m'ndiwo. Ndiponso m'madzi osayenda a m'mabango mumakhala likodzo, choncho amene asamba akaonane ndi achipatala pobwerera. Ife ambiri sitinadere nkhawa, poti Achipata kusambira kwathu n'kwa m'beseni. Tinangonyowetsa akakolo n'kujambulitsa. Chilankhulo ndi chimodzi, kungoti anzathu a ku Salima ankafa nazo tseko tikati "manje manje", ifenso tinkaseka zawo.

Tinapita anthu 11 okha. Chiwerengero chimenechi ndicho chinandisintha maganizo, chifukwa pamunda pa mnzathu, kunjira ya ku Chadiza, tinasonkhana 26.

Pamundapo palibe chodabwitsa choti ndikuuzeni. Pali mitengo ya mango, khola la mbuzi, ndi phiri kutsogolo. Tinapha mbuzi imodzi ndi nkhuku zakumudzi zisanu ndi imodzi. Panali chiwawa chotendera ndi nshawa za Chalimbana, therere, nyemba, kandolo wootcha m'phulusa, ndi thobwa la m'ndowa limene linatha mowa wa Mosi usanathe. Poti unali mwezi wa Julayi, minda atakolola, anyamata a pamudzipo anabweretsa mbewa zofutsa bwino. Tili naye mnzathu Mbemba amene anaphunzira nafe bambo ake akugwira ntchito kuno, ndipo chimbuya, kuseleulana kuja kwa ife ndi Abemba, chinayaka pomwepo. Iye akuti ife timadya makoswe, ife tikuti nanga anyani a kwanu aja anatha bwanji m'nkhalango. Pomaliza anadya ziwiri, akuti pofuna umboni.

Amene anabwera tsiku limenelo ndi amene sabwera kwina konse. Mayi wamasiye amene akulera adzukulu atatu. Mnzathu amene ntchito inamuthera ndipo pano amapalasa njinga yonyamula anthu m'tauni. Wina amene anachita sitiroko ndipo sangakhale m'galimoto maola atatu. Pa WhatsApp anthu amenewa sanena kuti ndilibe ndalama. Amangolemba kuti "muyende bwino anzanga", kapena amangokhala duu. Ulendo wa ku Senga Bay utatha tinadzaza gulu ndi zithunzi za chambo kwa sabata yathunthu, ndipo anthu awiri anatuluka m'gulumo mwakachetechete. Ine ndinazindikira patapita mwezi.

Si kuti zapamunda zilibe zovuta. Choyamba, munthu akakhala pafupi ndi kwawo sakhazikika. Wina amafika 2 koloko chifukwa anayamba wapita ku kitchen party, wina foni yalira kuti kushopu kwabwera katundu, wina akuti ndikangosiya ana ndibwera, osabweranso. Ku Mfuwe ndi kunyanja palibe kothawira, ndipo ubwino wa ulendo ndi umenewo. Chachiwiri, chaka choyamba amayi a m'gulu lathu anathera tsiku lonse kumoto pamene abambo tili pamthunzi kukamba za mpira. Mmodzi wa iwo, amene ndi mkulu pantchito pake, anabwera ndi mthiko m'manja n'kutifunsa ngati pasukulu paja iye ankaphunzira zophikira ife. Chaka chachiwiri tinalemba amayi atatu a pamudzipo n'kuwalipira bwino, ndipo ndalama imeneyo ndiyo inagwira ntchito kuposa ina iliyonse. Chachitatu ndi pobwerera. Anthu amwa, kwada, aliyense ali ndi kiyi m'thumba. Pano timachita hayala minibasi imodzi yotenga ndi kutula aliyense pakhomo, ndipo zimenezi zinathetsanso vuto la othawa masana.

Ena amati bwanji osalumikiza ndi mwambo wa Nc'wala kapena wa Kulamba, poti a ku Lusaka ndi ku Copperbelt amakhala abwera kale. Tinayesa kuganizira. Nc'wala imachitika Loweruka lomaliza la Febuluwale ku Mtenguleni, mvula ili pakati, malo ogona m'Chipata atadzaza ndipo mitengo itakwera. Kulamba ndi Loweruka lomaliza la Ogasiti ku Mkaika, ku Katete, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakagwada kwa Kalonga Gawa Undi. Miyambo yonse iwiri ndi yofunika kuiona, ndipo Gule Wamkulu wa ku Mkaika sungamuyerekeze ndi wa pa TV. Koma masiku amenewo munthu aliyense ali ndi abale ake, apongozi ake, mfumu ya kwawo. Mnzako umangomuona pakati pa fumbi n'kukwezerana dzanja. Masiku amene atikomera ife ndi a tchuthi cha Heroes ndi Unity, Lolemba loyamba la Julayi ndi Lachiwiri lotsatira. Amapereka masiku anayi otsatizana, okwanira kuti wa ku Lusaka adule makilomita pafupifupi 570 a Great East Road, apume, acheze, n'kubwerera osathyoka msana.

Ndiye mukandifunsa ine: ngati muli anthu 6 kapena 8 a matumba ofanana, ndipo mukufuna kudya bwino ndi kukamba zakukhosi, pitani kunyanja, koma yambani kuona mapasipoti miyezi itatu isanakwane. Ngati m'gulu mwanu muli anthu amene anabadwira kuno koma njovu anangoiona pa chithunzi, Mfuwe muipite kamodzi, m'nyengo yozizira, ufa uli m'buti. Koma ndalama ya chilimba cha gulu lonse, imene wasonkha ndi wa njinga yemwe, ine sindingavomerenso kuti ikalipire ulendo umene iye sangaukwanitse.

Chaka chino tagwirizana zochita pawiri. Loweruka tonse pamunda, kuchokera m'thumba la gulu. Lamlungu m'mawa amene akufuna ndipo ali nazo atsikire ku Mfuwe ndi ndalama zawo, abwerere Lachiwiri. Msungichuma akuti zithunzi za ku Mfuweko zisapitirire zisanu pagulu. Mbuzi tagula kale, ili m'khola ikunenepa, ndipo Mbemba uja walemba kuti mbewa zake timusungire zinayi.