Nkhungudzu yawo ndi yabwino koma mnyamata wa pa kauntala uja ayi

Amene mukufuna kudzala kanthu mukakolola chimanga, nkhungudzu ya mushopu ya mbewu ija ya pa boma ndi yabwino ndithu, koma tsegulani jumbo muli pomwepo musanapereke ndalama.

Munda wanga uli kumunsi cha ku Malombe ndiye ndikakolola mu Epulo chinyontho chimakhala chikadalipo. Alangizi anati kalongonda ndisayese nthawi imeneyo, uja ndi wodzala pakati pa mizere ya chimanga mvula ikadagwa, komanso nyemba zake mpaka kuphika tsiku lonse uku mukutaya madzi apo ayi muledzera nazo. Nkhungudzu akuti muzu wake umapita pansi kwambiri imapirira dzuwa, masamba mbuzi zidya, nthakanso ipindula poti ndi ya gulu la nyemba.

Ndiye ndagula makilo awiri, mtengo mukuudziwa kale mmene zinthu zakwerera, kufika kunyumba kuti nditsegule, anankafumbwe okhaokha! Mbewu yofumbwa, pansi pa jumbo ufa wokhawokha. Mawa lake ndabwerera, mnyamata ali pa foni osadzutsa nkomwe mutu, akuti "madala katundu akatuluka sabwerera, mwina mwasakaniza ndi yanu yakale kunyumba." Ine kusakaniza? Ndalama yanga, ya thiransipoti yanganso, ndiye mwana wadzana azinditenga ngati wakuba? Ndinakhuthula jumbo lonse pa kauntala anthu akuona, tizilombo tili yakaliyakali, iye nkumati ndikuipitsa bizinesi, mayi wina amene amafuna mbewu ya khobwe anabweza ndalama mu mpango nkutuluka. Mpaka pano ndikamuona mtima umandiwawa, ulemu alibe mnyamata ameneyu.

Kenako anatuluka eni ake a shopu, mayi achikulire, anamva phokoso ali kuseri. Iwowa zoona ndi munthu. Anapepesa, anatsegula thumba lina ine ndikuona, nkundiuza kuti nditapeko pang'ono ndikulunge mu chiguduli chonyowa masiku ochepa ndione kameredwe ndisanadzale munda wonse, ikakana ndibwere nayo. Inamera bwinobwino.

Pano ndi Ogasiti, minda ya anzanga ndi fumbi mwera ukungoulutsa, wanga uli biriwiri nthaka yaphimbika. Ndimadula masamba, kuwasiya afote kaye nkusakaniza ndi mapesi, aawisi okhaokha mbuzi zimatupa mimba. Vuto ndi mbuzi za eni, mukudziwa kuno anthu akangokolola amamasula ziweto, ndinachita kutchinga ndi minga apo ayi ndikanalimira mudzi wonse.

Nyenyezi ndikupereka zitatu, ziwiri zapita ndi mnyamata uja. A minda ya mchenga ya kumtunda musadikire kukolola, dzalani mvula isanathe, mukachedwa mungotaya mbewu.