Melamine, plywood kapena paini: thabwa loti mukhomere khola la njoka ndi buluzi

Anthu ambiri oweta njoka ndi abuluzi amayamba ndi bokosi la galasi, kenako n'kuona kuti galasi limataya kutentha msanga. Babu imayaka tsiku lonse koma kum'bandakucha m'kati muli zii. Thabwa limasunga kutentha, komanso nyama imakhazikika mtima chifukwa mbali zitatu n'zotsekeka ndipo sioneka paliponse. Vuto la thabwa ndi madzi. Choncho musanapite kukadulitsa matabwa, yambani mwafunsa kuti nyama yanu imafuna chinyezi chochuluka bwanji, chifukwa thabwa loyenera likuchokera pa yankho limenelo.

Melamine ndiye amakopa anthu poyamba. M'kati mwake ndi tizidutswa ta matabwa tophatikizidwa ndi guluu, kunja kwake n'kosalala ngati pulasitiki. Simufunika kupaka vanishi, ndipo ndowe mumangopukuta ndi kansalu. Kwa bearded dragon, buluzi wa m'madera ouma a ku Australia amene amafuna chinyezi cha pakati pa 30 ndi 40 peresenti, melamine amakhala zaka zambiri osadandaula. Imfa yake ili m'mphepete modulidwa. Madzi a m'mbale akatayika n'kutsikira pakona, tizidutswa tija timamwa, thabwa limafufuma, chikopa choyera chija chimang'aluka, ndipo mukachikanda ndi chikhadabo chimanyenyeka ngati utuchi. Likafufuma silibwereranso. Sikuluwu nayonso sigwira kawiri pa bowo limodzi. Amalemeranso kwambiri: thabwa limodzi la mamilimita 18 limapitirira makilogalamu 30, ndiye khola lonse lokhala ndi magalasi ake muyiwale zolinyamula nokha.

MDF, thabwa la utuchi wosalala wophatikizidwa ndi guluu, ndisataye naye nthawi. Amadulika bwino, inde, koma amamwa madzi msanga, fumbi lake ndi loipa m'mapapo, ndipo guluu wake nthawi zambiri amakhala ndi formaldehyde, mankhwala otuluka ngati mpweya woipa. M'khola lotenthedwa ndi babu tsiku ndi tsiku sindingamuike.

Plywood ndi amene ine ndimasankha, ngakhale amafuna ntchito yambiri. Timapepala ta thabwa timene timamupanga timagonekedwa mopingasana, n'chifukwa chake sapindika wamba ndipo sikuluwu imaluma bwino. Ndi wopepukirako kuposa melamine wa makulidwe omwewo. Thabwa lathunthu limakhala masentimita 244 m'litali ndi 122 m'lifupi, ndipo apa pali mwayi: khola la masentimita 120 x 60 x 60, lomwe ambiri amati ndilo laling'ono kwambiri loyenera bearded dragon wamkulu, limatuluka m'thabwa limodzi. Pansi, pamwamba ndi kumbuyo zimadya zidutswa zitatu za 120 x 60, chachinayi mumachidula pakati kukhala mbali ziwiri. Timatabwa togwira magalasi kutsogolo ndi tokha tofuna kupeza padera.

Koma plywood wosapaka kanthu ndi siponji. Nsato yaing'ono ya ball python, yochokera kumadzulo ndi pakati pa Africa, imafuna chinyezi cha m'ma 60 peresenti, ndipo pofundula chimafunika kukwera. M'khola lotero thabwa losatetezedwa limachita chuku m'makona, fungo la mkodzo limalowerera, ndipo tinthata ta njoka tikalowa timabisala m'ming'alu momwe mankhwala safika. Kwa nyama ya malo ouma, vanishi wa polyurethane wosungunulira madzi, wopaka katatu kapena kanayi, amakwana. Kwa ya chinyezi, pansi ponse ndi m'munsi mwa makoma pamafuna epoxy (utomoni wouma gwa wosalowa madzi) kapena penti wa maiwe a nsomba. Zikauma, makona onse mumamata ndi silikoni wa matanki a nsomba. Wa m'bafa ayi, chifukwa ambiri amathiramo mankhwala opha chuku. Anthu amalakwitsa pa kufulumira. Vanishi amaoneka wouma mawa lake, koma yatsani babu m'khola lopanda nyama, tsekani magalasi kwa maola angapo, kenako lowetsani mutu. Mukamva kafungo kalikonse, nyama idikire kaye.

Matabwa enieni a mtengo ndi okongola, palibe wotsutsa. Koma mkungudza wa cedar ndi woletsedwa: mafuta onunkhira amene amathamangitsa njenjete m'makabati ndi omwewo amene amapweteka mapapo ndi khungu la zokwawa. Paini ali pakati. Wamuwisi amatuluka utomoni babu ikamuwotcha, pomwe wouma bwino ndi wopakidwa vanishi ambiri amamugwiritsa ntchito ngati mafelemu popanda vuto. Khoma lonse la paini ndiye limavuta, chifukwa matabwa olumikiza amafufuma ndi kunyala motsatira nyengo, n'kusiya mipata. Kamwana ka njoka ya corn snake kamadutsa pa mpata umene inu mungaone ngati si kanthu. Matabwa obiriwira othiridwa mankhwala a chiswe ndi a mapaleti osadziwika kochokera asiyeni.

Pali wina wosakhala thabwa amene akulanda msika: mapepala okhuthala a pulasitiki ya PVC. Saola, ndi opepuka, sasowa vanishi, ndipo kwa njoka za chinyezi chambiri amaposa plywood. Amangofuna kusamala ndi moto, chifukwa babu ikayandikira amapindika, ndipo denga lalitali limagwa pakati ngati mulibe chochirikiza. Bilimankhwe yekha ndi nkhani ina. Iye amafuna mpweya woyenda, ndiye thabwa lingokhala felemu, makoma ambiri akhale a sefa ya waya.

Thabwa lililonse limene mwasankha, mpweya uzilowa cha m'munsi mbali yozizira n'kutulukira m'mwamba mbali yotentha. Chubu cha UVB, chowunikira cholowa m'malo mwa kuwala kwa dzuwa, chikhale m'kati mwa khola, popeza kuwala kumeneku sikudutsa galasi wamba. Babu yotenthetsa ikhale pa soketi ya seramiki, yotchingidwa ndi kakhola ka waya kuti njoka isaizungulire n'kupsa, ndipo idzere pa thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kuti kusapitirire. Apa melamine ndi plywood n'chimodzimodzi: zonse ndi nkhuni. Pamalo pootherapo pa bearded dragon pamafika madigiri 40, ndipo m'bokosi la thabwa losunga kutentha babu yopanda thermostat imapitirira pamenepo mosavuta. Ikaninso thabwa loimirira la masentimita 10 kapena 15 kutsogolo m'munsi mwa magalasi, kuti dothi lisamadzaze m'njanji zotsetserekamo magalasiwo.