Kunja, ku Blantyre kapena konkuno ku Mangochi: luso la kafukufuku wa zaumoyo mukalipeze kuti?

Anzanga a chaka chachiwiri ndi chachitatu, makamaka inu akwathu kuno ku Mangochi amene mukumanditumizira ma summer research program a global health kuti tithandizane kuapulaya, ndaona kuti bola ndilembe kamodzi poti mafunso ake akumakhala amodzimodzi. Munthu asanamalize digiri atha kupita kunja, atha kukapempha atachimenti ku mabungwe akuluakulu a ku Blantyre ndi Lilongwe, kapena kukhala konkuno n'kulowa m'magulu amene amayenda m'midzi ndi m'masukulu. Ziwiri zomalizazi ndadutsamo ndekha. Ya kunjayo ndinaapulaya kawiri osatheka, koma mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi anapita, ndiye mmene zimakhalira ndikudziwa ndithu.

Ndiyambe ndi ya kunja poti ndi kumene mitima ya ambiri ili. Akamati summer akunena June mpaka August, nthawi imene kuno mwera ukuwomba asodzi akuganiza kawiri asanalowe panyanja, ndipo ambiri mwa mapulogalamuwa ndi a masabata 8 mpaka 10. Kalendala ya mayunivesite athu siyendera limodzi ndi yawo, mutha kutengedwa bwinobwino koma June yemweyo muli pakati pa semesita kapena mayeso ali pakhomo, ndiye musanachite china chilichonse onani kalendala yanu ndipo mufunse a ku dipatimenti ngati angakuloleni kuchoka. Mafomu ambiri amatsekedwa pakati pa November ndi February, woyamba kuganiza za izi mu April wachedwa kale.

Koma chimene chimagwetsa ambiri ndi nkhani ya amene ali ololedwa kuapulaya. Ine ulendo woyamba ndinatha mausiku anayi ndikulemba personal statement pa foni, magetsi kulibe, masana ndikukatchajitsa pa shopu ya sola kumsika, ndinapemphanso alekichala awiri kuti andilembere makalata, ndiye nditafika patsamba lomaliza la fomu ndi pamene ndinapeza kabokosi kofunsa ngati ndili nzika ya America kapena ndili ndi green card. Zinathera pomwepo, ndipo zinandiwawa kwambiri chifukwa ndinavutitsa anthu akuluakulu pachabe. Mapulogalamu a REU, a kafukufuku wa ophunzira a digiri yoyamba, amene ndalama zake zimachokera ku National Science Foundation ya boma la America, komanso summer internship ya NIH, bungwe lawo la kafukufuku wa zaumoyo, ndi a nzika za America ndi okhala kumeneko mokhazikika basi. Ndipo ambiri olembedwa global health ku mayunivesite a ku America ndi a ophunzira awo omwe, amawaphunzitsa kenako n'kuwatumiza kuno ku Malawi, ku Kenya, ku Uganda. Werengani kaye gawo la eligibility musanalembe chiganizo ngakhale chimodzi, chonde.

Otsegukira aliyense alipo, monga EPFL ku Switzerland, ISTA ku Austria ndi OIST ku Okinawa ku Japan, amapereka alawansi ndipo ena amathandizanso pa ndege ndi pogona. Kungoti amenewa ndi a mu labu kwenikweni, majini, ma cell, ubongo, masamu a pa kompyuta, osati za malungo ndi likodzo za m'mudzi, komanso mukupikisana ndi ophunzira a dziko lonse lapansi ndiye transcript iyenera kukhala yowala. Mnzanga uja anapita ku labu ina ku Ulaya, anabwera PCR, njira ya mu labu yochulukitsira majini poyeza, ili m'manja, akudziwa kuwerenga pepala la sayansi n'kuona pamene pakubisala bodza, ali ndi kalata ya pulofesa imene inamutsegulira njira ya masters, zimenezo sindingazichepetse ayi. Koma ntchito imene anagwira inali kachidutswa ka pulojekiti ya munthu wina wa PhD, ndipo atabwerera makina oti apitirizire analibe.

Ndalama musaiwale. Ngakhale pulogalamu ikhale yolipiridwa, pasipoti, maulendo a ku Lilongwe, inshulansi ndi viza mumayamba mwatulutsa nokha, ena amadzabweza pambuyo, ndi mmene forex ikuvutiramu si nkhani yaing'ono kwa banja lodalira usipa kapena chimanga. Viza ya J-1 ya ku America, imene amapitira a mapulogalamu ngati awa, mu 2025 fomu yokha inali $185, kuphatikizanso ya SEVIS, yolembetsera m'kaundula wawo wa ophunzira akunja, imene kwa ambiri inali $220. Mu August 2025 America inayikanso bondi ya $5,000 mpaka $15,000 kwa a Malawi opempha viza ya alendo, ndipo malamulo a ma viza ena akhala akusinthasintha, ndiye muzifunsa ku embasi zimene zilipo panthawi imene mukuapulayayo osati zimene anamva mnzanu chaka chatha.

Njira yachiwiri, Blantyre ndi Lilongwe. Pafupi ndi Queens pali Malawi-Liverpool-Wellcome Programme imene inayamba mu 1995, pali Blantyre Malaria Project imene yakhala ikufufuza malungo a muubongo mwa ana kuyambira m'ma 1980, pali pulojekiti ya yunivesite ya Johns Hopkins, ku Lilongwe kuli UNC Project pa Kamuzu Central, kumpoto ku Karonga kuli bungwe la kafukufuku wa matenda la MEIRU. Katemera wa typhoid amene ana analandira dziko lonse mu 2023 anayesedwa kaye pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, ndiye mukhoza kuona kukula kwa ntchito imene imachitika kumeneko. Kulowa kwake si kwa fomu imodzi yodikira December ngati kunja, mumatsatira ma advert awo kapena mumalembera wofufuza amene ntchito yake mwaiwerenga, ndipo zimayenda msanga alekichala anu akakulankhulirani. Chimene mumapeza kumeneko ndi dongosolo: fomu iliyonse ili ndi nambala, sampulo iliyonse ili ndi mwini wake woisainira, pali anthu a statistics oti mutha kuwagogodera pakhomo, pali maseminala oti mumangolowa n'kukhala kumbuyo kumvetsera anthu akutsutsana pa data. Kwa munthu wofuna labu kapena ma clinical trial, apa ndiye pabwino kuposa Mangochi, sindikukana.

Vuto lake ndi tauni. Lendi, minibasi m'mawa ndi madzulo, chakudya chogula, ngati mulibe achibale ku Ndirande kapena ku Chilomoni alawansi imatha mwezi usanafike pakati, ndipo ma atachimenti ena alibe ndi alawansi yomwe. Chinanso anthu ndi ambiri, ma intern, a masters, a PhD, alendo ochokera kunja, wa chaka chachiwiri savuta kuiwalika pakona. Ine ndinali pa kapulojekiti kena kakang'ono m'tauni momwemo, osati mwa awa ndatchulawa, masabata 6 ndinkangolowetsa mafomu mu kompyuta, wodwala sindinamuone ngakhale m'modzi ndipo bwana wa kafukufukuyo ndinalankhula naye kawiri. Excel ndinaidziwa, koma chifukwa chimene tinkafunsira mafunso amenewo palibe anandifotokozera.

Tsopano kwathu kuno. Zimandikhudza ndikaona mwana wa ku Malindi kapena ku Namwera akulira kuti alibe mwayi wa global health pamene ophunzira a ku Ulaya ndi America akukwera ndege kubwera kudzaiphunzira kuseri kwa nyumba yake. KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu, ili ndi kampasi pa boma pomwe pano. Ku Lungwena kwakhala kafukufuku wa amayi oyembekezera ndi kakulidwe ka ana kwa zaka zambiri mogwirizana ndi a Tampere University a ku Finland. Kafukufuku wa iLiNS, wa kachiponde kochepa kopatsa amayi ndi ana pofuna kuchepetsa kupinimbira, anachitikira muno. Wa Mazira, wokhudza ana 660 a miyezi 6 mpaka 9, theka lawo likulandira dzira limodzi patsiku kwa miyezi 6, anachitikira ku Lungwena ndi Malindi, ndipo anapeza kuti dziralo silinawonjezere msinkhu wa ana, ofufuzawo n'kuganizira kuti mwina ndi chifukwa choti ana akuno amadya kale nsomba. Wa MORDOR, wogawa mankhwala opha mabakiteriya a azithromycin kwa ana aang'ono m'midzi kuti aone ngati imfa zingachepe, anachitika ku Niger, Tanzania ndi Malawi, ndipo mbali ya Malawi inali Mangochi, zotsatira zinatuluka mu 2018 kusonyeza kuti ku Niger ndi kumene zinathandiza kwambiri. Katemera wa malungo atayamba kuyesedwa m'zipatala mu 2019 Mangochi inali m'gulu la maboma 11 oyambirira. Mapepala amenewa amawerengedwa m'makalasi a ku London ndi ku Baltimore, koma midzi yake ndi yomwe timadutsa pa kabaza.

Ine ndinalowa m'gulu lina lofufuza likodzo m'masukulu a m'mbali mwa nyanja. M'mawa timafika pasukulu, ana afola ndi timabotolo tawo, wina akuseka wina akubisa kabotolo kumbuyo chifukwa mkodzo wake ndi wofiira. Timatenga 10 ml n'kusefa pa kasefa kakang'ono, kuika pa galasi, ndiye tsiku loyamba limene teknishani anandisuntha kuti ndiyang'ane ndekha pa maikulosikopu ndinaona dzira la likodzo lili ndi kaminga kake kumapeto, lochokera mwa kamnyamata ka sitandade 4 kamene kanali panja kakusewera mpira wa mapepala. Pa buku ndinali nditaliona kambirimbiri koma tsiku limenelo ndi pamene ndinamvetsa. Teknishani yemweyo ndi amene anandiphunzitsa kusiyanitsa ndi la likodzo la m'matumbo limene minga yake ili m'mbali, limapezeka m'chimbudzi, ndipo anandifotokozera kuti nkhono zofalitsa mtundu umenewo zinapezeka m'nyanja muno cha mu 2017, kale anthu ankati kuno kuli la m'chikhodzodzo lokha. Pomaliza ana amayezedwa msinkhu pa ndodo n'kulandira mankhwala a likodzo a praziquantel, atadya kaye phala chifukwa pamimba yopanda kanthu mankhwalawa amazunguza.

Chimene tili nacho ife choti mlendo sangachigule ndi chilankhulo ndi ulemu wa kwathu. Tsiku lina agogo ena anakana kuti mdzukulu wawo atengedwe magazi pachala, anati amva kuti magaziwo amakagulitsidwa. Fomu ya chilolezo inali ya Chichewa koma iwo amamasuka m'Chiyao, ndiye ndinakhala nawo pa mkeka, ndinayamba ndi ajimwiche uli, tinacheza za mvula ndi za mdzukuluyo, kenako ndinawaonetsa kadontho kamene timatenga ndi kumene kamapita, ndinawauzanso kuti akakana palibe chimene mwanayo angamanidwe kuchipatala. Anakanabe, ndipo tinalemba kuti akana. Mawa lake anabwera okha kusukulu ndi mwanayo. Za ethics ndinaziwerenga m'kalasi, koma ndinazidziwa pa mkeka umenewo, ndipo nkhani imeneyi ndi imene ndimalemba mu personal statement panopa m'malo mwa mawu aja aliyense amalemba oti ndimakonda kuthandiza anthu.

Koma ndisakunamizeni, ya Mangochi ili ndi msampha wake. N'kosavuta kungokhala womasulira ndi wonyamula tabuleti mpaka holide kutha, data n'kupita ku Blantyre kapena kunja, inu osadziwa chimene chinatulukamo, dzina lanu osaoneka paliponse. Anthu a statistics kuno ndi ochepa, netiweki ukawoloka mlatho kulowera njira ya ku Makanjira imabwera ndi kupita, fumbi ndi dzuwa ndiye musanene. Ndiye musanavomere funsani zinthu izi mwaulemu koma momveka: amene azindiyang'anira ndi ndani, tizikumana kangati, ndipo kodi pali kafunso kakang'ono kamene ndingakatenge kukhala kanga, ngakhale kongowerengera kuti mwa ana a sukulu ziwiri ndi angati amasamba kunyanja tsiku lililonse. Kafukufuku wanuwanu woyambira pansi amafuna chilolezo cha COMREC kapena NHSRC, makomiti ovomereza kafukufuku wa zaumoyo, komanso cha ku ofesi ya zaumoyo ya boma lino, zimatenga nthawi yoti holide imodzi siikwana, bola kulowa pansi pa kafukufuku wovomerezedwa kale. Funso lomwelo lifunseninso ku Blantyre, ngakhale kunja.

Kulikonse kumene mungasankhe, musapite chimanjamanja. Setifiketi ya Good Clinical Practice, ya malamulo a kachitidwe ka kafukufuku pa anthu, mutha kuipeza ulere pa The Global Health Network, ya ethics pa TRREE, zonse pa foni ndi bandulo ya masiku ochepa. Phunzirani kupanga fomu pa KoboToolbox kapena ODK, mapulogalamu odzazira mafomu pa foni ndi tabuleti, poti ndi zimene magulu ambiri amagwiritsa ntchito m'midzi, ndipo ngati muli ndi laputopu yambani R, pulogalamu yosanthulira data, ndi yaulere pamene inzake Stata ndi yogula. Imelo yopempha malo ikhale yaifupi, mutchule pepala lawo limodzi limene mwawerenga, masiku enieni amene muli omasuka, zilankhulo zimene mumayankhula, muikemo CV ndi masetifiketi aja. Akapanda kuyankha pakatha masabata awiri lembaninso kamodzi, kapena pitani nokha ku ofesi m'mawa.

Mukandifunsa ine, wa chaka chachiwiri ayambe konkuno, akhale ndi amakolo asalipire lendi, atuluke ndi kafunso kake ndi munthu m'modzi wamkulu womudziwa ntchito yake. Chaka chachitatu ayese Blantyre kapena Lilongwe akaphunzire data ndi labu, ndipo November akafika aapulaye kunja kuwiri kapena kutatu kumene a Malawi amaloledwa, ali ndi chinthu chenicheni chofotokoza. Amene mtima wake uli pa majini ndi ma cell ndipo magiredi ake ndi apamwamba asadikire, ayese kunja pompano koma asakane ya kuno poyembekezera yankho limene limabwera mu March kapena April. Ndipo kalata ya reference muipemphe sabata yomaliza muli pomwepo supavaiza akukuonani ndi maso, muwapatse CV ndi kandime kofotokoza zimene mwagwira, chifukwa mukachoka gulu limasamukira ku Monkey Bay kapena ku Namwera ndipo kuwapezanso pa foni ndi ntchito.