Sitolo ya nsomba zoweta ku Randburg: nsomba zabwino, hita yochepa mphamvu

A kwathu amene muli kuno ku Joni ndipo mukufuna nsomba za utawaleza za mtundu wa Boeseman, sitolo ya ku Randburg komwe ndinagula zanga ndikuiyamikira, ngakhale pali chimodzi chondidandaulitsa.

Mukangolowa, mathanki oyamba ndi a mbuna za m'Nyanja ya Malawi. Mwini sitolo atamva kuti kwathu ndi ku Mangochi anayesa kuti ndadzera zomwezo. Nditatchula Boeseman, ananditengera pakona n'kundilozera tinsomba totuwa ngati usipa. Sanabise kanthu: tikakhala tating'ono timaoneka choncho, mtundu umabwera pang'onopang'ono, mwina mpaka chaka. Kenako anandionetsa yamphongo yaikulu ya masentimita pafupifupi 10. Kuyambira kumutu kufika pakati ndi yabuluu, kuchoka pakati kukafika kumchira ndi yachikasu chopita ku olenji. Zanga tsopano zafika pamenepo, ndipo m'mawa kuwala kukangolowa, zamphongo zimatambasula zipsepse n'kumazungulirana pamaso pa zazikazi. Tiyi amandizizirira m'manja.

Kwawo kwa nsombazi ndi nyanja za Ayamaru, ku Southwest Papua m'dziko la Indonesia, ndipo dzina lakuti Melanotaenia boesemani zinapatsidwa mu 1980. Kumeneko zinkagwidwa zochuluka kukagulitsa kunja, moti bungwe loteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN linaziika m'gulu la zomwe zili pachiopsezo chotha. N'chifukwa chake ndinafunsa komwe amazitenga. Anati zake n'zobadwira m'mathanki, ndipo sanakwiye nalo funsolo.

Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti anakana kundigulitsa ziwiri zokha. Izi ndi nsomba za m'gulu, zimafuna kukhala 6 kapena kuposa, m'thanki yotalika masentimita 120, yokhala ndi chivundikiro chifukwa zimadumpha. Anandiletsanso kuzisakaniza ndi mbuna. Madzi zimakonda ofananako, koma ukali wa mbuna timaudziwa tonse. Mankhwala ochotsa klorini m'madzi a pampopi anachita kundikumbutsa ndili pakhomo.

Dandaulo langa lili pa hita yofunditsira madzi a m'thanki. Nsombazi zimafuna madzi a madigiri 25 mpaka 28, koma yomwe anandisankhira inali yochepa mphamvu. Joni ili pamtunda, usiku wa mu June kumazizira koopsa, ndiye hitayo inkayaka mpaka kucha madzi osafunda mokwanira, nsomba zili duu pansi, kudya osafuna. Nditabwerera anandisinthira ndi yaikulu, ine n'kuwonjezera ndalama. Za kuthimathima kwa magetsi sanatchule n'komwe, pomwe kapampu ka mpweya koyendera mabatire kali pashelefu pomwepo. Mtengo wa nsombazo nawonso si wamasewera, makamaka poti simungagule imodzi.

Pitani pakati pa sabata, Loweruka kumadzaza ndipo sapeza mpata wocheza nanu. Pa hita, tchulani malita a thanki yanu ndipo muwauze kuti m'nyumba mwanu mumazizira bwanji nthawi yachisanu.