Pedmark amateteza makutu a ana odwala khansa, koma osati ana onse

Cisplatin ndi mankhwala amene achiritsa ana ambiri odwala khansa, koma amapha timaselo taubweya tokhala m'kati mwenimweni mwa khutu, m'kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo timaselo timeneti tikafa sitibwereranso. Mwana amayamba ndi kusamva bwino zilembo monga s ndi f, zomwe zimamusokoneza pa nthawi imene akuphunzira kulankhula.

Pedmark, wopangidwa ndi kampani ya Fennec Pharmaceuticals, anavomerezedwa ndi bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, m'chaka cha 2022 kuti achepetse vutoli mwa ana a mwezi umodzi kupita m'tsogolo. M'kati mwake muli sodium thiosulfate, mankhwala akale amene madokotala akhala akuperekanso kwa anthu amene alowedwa ndi poizoni wa cyanide. Amaperekedwa kudzera mu dripi kwa mphindi 15, patadutsa maola 6 cisplatin atatha kulowa, ndipo kudikira kumeneku n'kofunika kwambiri chifukwa kumapatsa cisplatin mpata wogwira chotupa asanafooketsedwe.

Umboni wake ndi wolimba. Pa kafukufuku wa SIOPEL 6, wofalitsidwa mu 2018, wokhudza ana a khansa ya chiwindi yotchedwa hepatoblastoma, ana 33 pa 100 alionse amene analandira mankhwalawa anawonongeka makutu, pomwe mwa amene sanalandire anali 63 pa 100, ndipo kuchira kwa khansayo sikunatsike. Kwa ine, kusiyana kotereku n'kokwanira kuti makolo afunse dokotala za mankhwalawa.

Komabe ali ndi malire amene sayenera kubisidwa. Kafukufuku wina wa ku America anaonetsa kuti ana amene analandira mankhwalawa khansa yawo itafalikira kale m'thupi sanakhale ndi moyo nthawi yaitali monga anzawo amene sanalandire, n'chifukwa chake chilolezo chake ndi cha zotupa zimene zili pamalo amodzi basi. Amachititsanso mseru ndi kusanza, ndipo amakweza mchere wa sodium m'magazi, kotero magazi ayenera kuyezedwa pafupipafupi.

Chodandaulitsa china ndi mtengo wake wokwera, umene zipatala za kuno kwathu sizingaukwanitse mosavuta. Sanavomerezedwenso kuteteza makutu ku gentamicin (mankhwala opha mabakiteriya) ndi mankhwala ena a banja lake, amene ndiwo timakumana nawo kawirikawiri m'mawodi a ana, kotero kumeneko chitetezo chikadali kupereka mlingo woyenera, kwa masiku ochepa, ndi kuyeza makutu msanga.